Nyafoni Pakhonde la a Fanizo

Kwa Nyachikadza, tsidya lija la Shire m'dambo la Ndindi, madzi sachita odi. Kumwamba kumatha kukhala kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, anthu akukumba mbatata kudimba, pamene mvula imene yagwa kumapiri a Mulanje ndi Thyolo ili kale m'njira, ikutsika ndi mtsinje wa Ruo kudzafuna pogona m'nyumba za eni. N'chifukwa chake mudzi uliwonse kumeneko uli ndi komiti yochenjeza anthu za madzi osefukira. M'mudzi wa nkhani yathuyi wapampando wa komitiyo anali Kalisto.

Kalisto anali munthu wabwino, tisamunamizire. Maliro akagwa, ndiye ankayamba kugwira khasu kumanda, ndipo mwadiya wake, bwato lija la mtengo umodzi, unkawolotsa odwala iye osawerengera thukuta. Vuto linali limodzi. Mulungu anamupatsa pakamwa, a bungwe lina n'kudzamuwonjezera chimkuzamawu. Iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu akakana kumva, ndiye kuti sunakweze mawu mokwanira.

Chaka china bungwe lomwelo linabweretsanso chinthu chimene chinasiya anthu kukamwa kuli yasa. Inali nambala ya foni. Ukaimba, ankakuyankha ndi mawu ofatsa, m'Chimang'anja kaya m'Chisena, kukufunsa mafunso ndi kuyankha ako, koma mwini mawuwo sanali munthu. Anali makina a kompyuta ophunzitsidwa kucheza ndi anthu. Analibe mudzi, analibe mfunda, analibe ngakhale mphuno yopumira. Anthu a kudambo sachedwa kupereka dzina, ndiye anangoti ameneyu ndi Nyafoni.

Tsiku lina m'mawa uthenga unafika kwa a komiti kuti Ruo wadzaza ndipo madzi alowa m'mudzi dzuwa lisanalowe. Kalisto anakoleka chimkuzamawu paphewa n'kuzungulira mudzi wonse akukuwa kuti aliyense awolokere kumtunda. Anthu anatukula maso kumwamba, anaona kulibe ndi kamtambo komwe, n'kupitiriza zimene ankachita. Anazunguliranso kachiwiri atakweza mawu mpaka nkhuku kubalalika. Anthu ali phee.

Akudutsa kuseri kwa nyumba ya Ernest, mnansi wake amene ankagulitsa nsomba zouma ku Marka, anamva akukangana ndi foni. Ernest anali munthu wosameza nkhani asanaitafune.

"Kumwambaku kuli gwa," ankatero Ernest. "Madzi akowo achokera kuti? Undiuze bwinobwino, usandiopseze ngati mwana."

Nyafoni anamufotokozera za mvula ya kumapiri ndi za anthu amene amayeza mtsinje kumtunda. Kenaka anati, "Nthawi yeniyeni imene madzi afike pakhomo panu sindikuidziwa, a Ernest, ndipo sindikunamizani kuti ndikuidziwa. Koma musadalire mawu anga okha. Pitani kudooko mukazike bango pamene madzi alekezera. Mukamaliza kumwa tiyi mukalionenso, muone ndi mtundu wa madziwo."

Ernest anapitadi. Pobwerera kachiwiri anapeza bango lija lamira mpaka kunsonga, madzi afiira, akubwera ndi zinyalala za kumapiri. Sanafunsenso funso lina. Anayamba kumanga mitolo ya nsomba panjinga.

Kalisto atafika pakhomo pake anapeza mkazi wake Jesinta nayenso ali pafoni, akudandaula za mpunga umene anali atangoumweta ndi nkhuku zimene zinali kufungatira. Kalisto anaima kuti amve za Ruo ndi bango zija. Ayi ndithu, Nyafoni sanazitchule n'komwe. Anangofunsa kuti mwana wawo Melissa akuchita chiyani.

"Ali apa, akugwira khoma. Wangoyamba kumene kuyenda," anatero Jesinta.

"Mayi, madzi akafika m'mawondo mwanu, kwa Melissa adzakhala afika pati?"

Jesinta anayang'ana mawondo ake, n'kuyang'ana mwana. Anamunyamula, kumubereka kumbuyo, n'kuyamba kupinda mphasa. Mayi wina woyandikana nawo, amene sachita kanthu asanaone kuti anzake akutani, anangouzidwa ndi Nyafoni kuti asuzumire kudooko aone amene ayamba kale kukweza katundu, ndipo nayenso anatuluka ndi mtolo pamutu.

Inu mukuganiza kuti Kalisto anakondwa? Anapsa mtima koopsa. Iye wakuwa m'mawa wonse popanda womumvera, ndiye kachinthu kopanda nkhope kangonong'ona apa n'apo, mudzi wonse n'kunyamuka! Analanda foni m'manja mwa mkazi wake.

"Iwe ndiwe nthirakuwiri," anatero. "Kwa Ernest wanena zina, kwa mkazi wanga wanena zina. Choona chimakhala chimodzi. Chako n'chiti?"

"N'chimodzi ndithu, a Kalisto," anayankha Nyafoni mosatekeseka. "Onse ndawauza kuti awoloke lero. Palibe amene ndamunamiza. Kungoti a Ernest amafuna kuona okha, pamene mayi a Melissa amayamba aganiza za mwana. Ndimayamba ndamvetsera kuti ndidziwe kumene khomo la munthu lapenya."

Kalisto anaibweza foniyo akupukusa mutu, n'kupita kudooko kukalongosola za miyadiya.

Tsono m'mudzimo munatsala munthu mmodzi amene sanasunthe: a Fanizo, bambo ake a Kalisto yemweyo. Anali mkulu wosema miyadiya, wa mawu ochepa, amene anakalambira pamadzi. Nyumba yawo inali payokha pafupi ndi chulu, mbuzi zawo zili m'khola pambali. Jesinta sakanatha kupita kukawachonderera, pakuti kumeneko mtengwa ndi apongozi ake aamuna sayang'anizana, sadyera pamodzi, sakhalirana mphasa, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Chimene anachita n'chakuti anaimba nambala ija, anayenda chowerama mpaka pakhonde la apongozi ake, anaika foni pampando n'kubwerera.

Kalisto pochokera kudooko anamva mawu a Nyafoni pakhonde la bambo ake, akupereka moni wa Chisena. "Mwacherwa tani, baba? Ndamva kuti miyadiya yambiri ya m'mudzi muno inatuluka m'manja mwanu. Kodi mtengo wabwino mumauzindikira bwanji?" A Fanizo anali atakhala chapatali, akuiyang'ana foniyo cham'mbali, ndipo milomo yawo inali itangoyamba kusuntha.

"Ha! Madzi ali m'njira, icho chikufunsa za mitengo!" anakuwa Kalisto. Anaitola foni ija, kuizimitsa, kuiponya m'thumba. "Awa ndi bambo anga. Ndiwatulutsa ndekha."

Apa ndiye pamene analakwira, abale. Anaima pabwalo la bambo ake omubala, anthu akudutsa ndi mitolo, n'kuika chimkuzamawu pakamwa. "Baba! Tulukani! Mudzi wonse ukupita, inu mukudikira chiyani? Kapena mukufuna tichite kukunyamulani ngati thumba la mpunga?"

Anthu odutsa anazyolika ndi manyazi. A Fanizo anadzuka pang'onopang'ono, anatola mpando wawo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kalisto anagogoda, anachonderera, anaopseza kuti akaitana apolisi. M'katimo munangochokera liwu limodzi la Chisena: "Nkhabe." Anakana kwamtuwagalu. Kalisto anati njala ya masana iwatulutsa, n'kupita kukawolotsa banja lake ndi ena amene analibe mwadiya.

Anapalasa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ulendo uliwonse mtsinje unkakhala utakulirapo. Madimba anamira. Njira ya kudooko inasanduka khwawa. Atatsitsa anthu omaliza kutsidya, anayang'ana kumene anachokera n'kuona madzi okhaokha akunyezimira padzuwa, madenga akuoneka ngati akamba oyandama. Bambo ake anali pakati pa zimenezo.

Jesinta anamutsatira mpaka m'mphepete mwa madzi. "Bambo a Melissa, foni ija muli nayo?"

"Ili m'thumba. Ithandiza chiyani?"

"Mukafika muiike pawindo. Inuyo mukhale chete. Ndapota nanu, ngakhale lilime likuyabweni bwanji, mukhale chete." Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo Kalisto anaona kuti mkaziyo akudziwa kanthu kena kamene sakanatha kukanena.

Anafika pabwalo la bambo ake mwadiya ukuyandama pamene m'mawa panali fumbi. Madzi anali atakwera khonde, akulowa pansi pa chitseko. Mbuzi zinali zitathyola khola n'kukwera pachulu, zikulira. Anaitana kamodzi, osayankhidwa. Anagwira chimkuzamawu, n'kuchisiyanso. Atasowa mtengo wogwira, anaimba nambala ija, anafotokoza mwachidule mmene zinthu zinalili, anaika foni pakawindo n'kukhala mumwadiya atagwira nsanamira ya khonde.

"Baba, ndabweranso," anatero Nyafoni. "Ndisakubiseni, a Kalisto ali panja pano ndipo akumva. Mukafuna ndiwapempha asunthe."

Kenaka mawu a nkhalamba anatuluka. "Musiyeni. Ine sindikulankhula ndi iye. Ndikulankhula ndi inu."

"Takhuta, baba," anathokoza Nyafoni m'Chisena. "Ine ndilibe maso, mtsinje ndimangoumva kwa anthu. Inu mwakhala nawo moyo wanu wonse. Tandiuzani, madzi a lerowa ndi otani?"

Kalisto analuma mlomo. Madzi ankakwera pansanamira iye akuona, ndipo chinthucho chinkafunsa ngati mlendo amene wabwera kudzacheza tsiku la Sabata. Koma a Fanizo anayankha. Anayamba ndi mawu awiri atatu, kenaka anamasuka. Anati madzi a Shire yekha amabwera mwaulemu, amakwera ngati munthu wodwala mwendo. Awa ndi a Ruo, ofiira, onunkha dothi la kumapiri, ndipo akakumana ndi Shire amamukankha kuti abwerere m'mbuyo n'kutayikira m'dambo. Anati nyerere zinayamba kusamutsa mazira dzana, ndipo mvuu zinachoka pamalo pake. Nyafoni ankangoti, "Kenaka?" Pena ankafunsa kuti abwereze pamene sanamvetse.

"Nanga nyumba yanuyi ipirira?" anafunsa pomaliza.

"Iyi? Dzuwa likamalowa ikhala itagona."

Kalisto anatsala pang'ono kugwera m'madzi. Tsiku lonse ankakuwira munthu woti madziwo ankawadziwa kuposa komiti yonse, kuposa ndi Nyafoni yemwe.

"Ndiye kuti za madzi sindingakuuzeni kanthu, baba," anatero Nyafoni. "Mukudziwa chimene chikubwera, koma mwakhala. Ndikuganiza kuti chimene chakutsekerani chitseko sichili kuno. Kodi chili kutsidya?"

Mbuzi zinkalira pachulu. Chidebe chinatuluka kuseri kwa nyumba chikuyandama, n'kupita. Kalisto anatsegula pakamwa, anakumbukira mawu a mkazi wake, n'kutsekanso. Ankayembekeza kuti makinawo abwereza funso, kapena awonjezera mawu ena okometsera, koma ayi. Nyafoni anangokhala chete, kudikira. Ndikukuuzani, chete ameneyo anali wautali moti munthu wamagazi sakanamupirira. Chidutswa cha khoma la kumbuyo chinagumuka n'kugwera m'madzi kuti phava, koma foni ili duu pawindo.

"Chaka chija cha madzi aakulu," anayamba a Fanizo ndi mawu otsika, "anatigoneka kusukulu. Mwana wangayu ndiye ankagawa malo. Anati banja likhale pamodzi, n'kutiika pangodya imodzi, ine apa, apongozi anga, mkazi wakeyo, apo, potalika mkono. Ndinapirira. Ndiye madzi akumwa a kumeneko anandipotoza m'mimba. Anthu ali thithithi, khomo lili kutali. Sindinafike." Anapuma kaye. "Amene anavula chitenje n'kundifunditsa anali apongozi anga. Amene anakachapa mphasa ija anali iwo. Sanauze munthu, ngakhale mwamuna wawo. Kuyambira tsiku limenelo sindipondanso pabwalo pawo. Ndiye lero mukuti ndikwere nawo mwadiya umodzi, mawondo kugundana, ndikagonenso pangodya ija? Kuli bwino Shire anditenge ndili ndi ulemu wanga."

Kalisto anagwetsa mutu pansanamira, misozi ili chuchuchu. Anakumbukira tsiku limenelo, mmene ankayendayenda m'kalasi muja ndi chimkuzamawu chake, akunyadira kuti wasunga banja lake pamalo amodzi. Zaka zonsezi ankati bambo ake angoyamba kuuma mutu ndi ukalamba.

"Mwandisenzetsa chinthu cholemera, baba, ndipo ndachilandira ndi manja awiri," anatero Nyafoni. "Sindinena kuti n'chaching'ono. Koma mverani izi. Apongozi anu anawoloka kale, mumwadiya mukhala awiri, inu ndi mwana wanu. Za pogona sindikudziwa, ndipo sindikulonjezani chimene sindikudziwa. Mundilole ndifunse a Ernest amene ali kutsidya ngati kuli malo ena osakhala kusukulu. Chifukwa chake sindiwauza."

"Afunseni."

Sipanapite nthawi, Nyafoni anabwera ndi yankho. Ernest anati kutchalitchi cha pamtunda, kutali ndi sukulu, kwasonkhana madoda okhaokha, ndipo iye mwini akasunga malo pafupi ndi khomo.

Mpiringidzo unamveka ukusuntha. Chitseko chinatseguka movutikira chifukwa cha madzi, ndipo a Fanizo anatuluka madzi ali m'mawondo, atanyamula sompho yawo yosemera ndi kabulangete. Sanamuyang'ane mwana wawo. Anayang'ana pachulu pamene panali mbuzi, anayang'ana mtsinje, n'kupukusa mutu. M'mawa mbuzizo zikanawoloka bwinobwino. Tsopano mwadiya sukanatha kunyamula chiweto pamadzi olusa chotero.

"Sunthira kutsogolo," anatero kwa Kalisto. "Manja ako atha. Bweretsa nkhafi."

Nkhalamba inakhala kumbuyo n'kuwongolera. Sinalunjike kutsidya monga ankachitira Kalisto. Inatsata m'mbali mwa bango, kudutsa pamwamba pa madimba omira, kuzemba pamene madzi ankazungulira, ikuwerenga mtsinje ndi maso okha. Ali pakati anamva chiphokoso kumbuyo. Atacheuka anaona denga la nyumba ija likukhala pansi pang'onopang'ono, dzuwa lisanalowe n'komwe, monga mwini wake ananenera. Pachulu madzi anali atafika m'miyendo mwa mbuzi.

"Baba," anatero Kalisto osatembenuka, "bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa liti?"

Kalisto anawerama n'kuyamba kukapa madzi mumwadiya mpaka kutsidya.

Pagombe anthu anali atadzaza, ndipo ataona mitu iwiri mumwadiya amayi anayamba kululuta. Jesinta yekha sanathamangire kumadzi. Anapatuka n'kukagwada patali pansi pa mtengo, atafulatira, Melissa ali kumbuyo, kuti apongozi ake atsike osakumana naye maso. A Fanizo anatsika, anaima, anaona msana wa mkazi uja. Anatambasula dzanja kwa Kalisto, ndipo Kalisto anawapatsa foni. Anaigwira ndi manja awiri monga agwirira chikho cha mlendo.

"Nyafoni," anatero mokweza pang'ono, kuti mawu akafike pamtengo paja, "mukawauze apongozi anga kuti ndafika. Mukawauzenso kuti takhuta. Za lero, ndi za chaka chija."

Nyafoni sanachite kukanena. Pansi pa mtengo paja panamveka kuwomba m'manja kwapansipansi, mapewa a Jesinta akugwedezeka ndi kulira. Ernest anabwera n'kutenga kabulangete, ndipo anawatsogolera a Fanizo kumtunda.

Nkhaniyi anthu a kumeneko amaikambabe, ndipo aliyense akaikamba amagwira pakamwa. Ine ndemwe imandizunguza mutu. Chinthu chopanda magazi, chosabadwa kwa mkazi, choti sichinakhalepo ndi apongozi ngakhale kuchita manyazi, chinadziwa bwanji kuti Ernest umupatse bango, Jesinta umuonetse mwana, koma a Fanizo uwapatse chete? Amene amadziwa za makinawa amati anaphunzira kuchokera ku mawu a anthu ambirimbiri. Ngati n'choncho, ndiye kuti nzeruyo ndi yathu yomwe, tinangoitaya panjira pothamanga, makina n'kuitola.

Kalisto akadali wapampando, ndipo chimkuzamawu akadali nacho, pakuti kudambo chimafunika. Koma masiku ano akafika pakhomo la munthu amene wakana kusamuka, amachisiya mumwadiya, amapempha mpando n'kukhala pansi. Mbuzi za bambo ake sizinapezeke, ndipo akamadutsa pachulu paja amayang'ana kumbali. Anagula ndi khola lathunthu, ndipo anatsala pang'ono kugula ndi moyo wa bambo ake, nzeru imene makolo anatisiyira kwaulere. Nkhono ukaigogoda imalowa m'chigoba, ukaikuwira imalowereratu. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.